Kodi chidindo cha pa paketi chikuteteza yani?

Pa chipata cha sukulu zambiri masiku ano pali timapaketi ta majigisi, mabisiketi, maswiti ndi zakumwa za utoto wowala. Ngakhale kumudzi kuno, chinangwa chophika ndi mtedza wokazinga zayamba kugonja. Mwana amene wachoka kunyumba wosadya amagula chomwe ndalama yake ingakwanitse, ndipo kawirikawiri chimakhala shuga, mchere ndi mafuta zokutidwa m'pepala lokongola.

Makolo ambiri mukaona chidindo cha Malawi Bureau of Standards pa paketi, mtima umakhala m'malo. Ntchito ya bungweli ndi yofunika, chifukwa limaona ngati katundu wapangidwa motsatira muyezo. Koma chakudya chikhoza kukhala chaukhondo n'kumawonongabe thupi pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamadye shuga wothira woposa magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, ndipo mchere usamafike magalamu 5. Botolo limodzi la theka la lita la chakumwa chotsekemera likhoza kumaliza shuga yense wa tsikulo. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimadzabwera patapita zaka, paketi ija itaiwalika kale.

Maiko ena adachitapo kanthu. Ku Chile, kuyambira m'chaka cha 2016, chakudya chochuluka shuga, mchere kapena mafuta chimakhala ndi chizindikiro chakuda chochenjeza kutsogolo kwa paketi. Chakudya chotere sichiloledwa kugulitsidwa m'sukulu kapena kutsatsidwa kwa ana osakwana zaka 14. Ku South Africa, boma lidayamba kudula msonkho pa zakumwa zotsekemera mu 2018. Makampani adalimbana ndi malamulo onsewa, komabe ena mwa iwo adachepetsa shuga m'katundu wawo kuti athawe chizindikirocho kapena msonkhowo.

Apa ndi pomwe timaonera ngati oyang'anira malonda akutumikira anthu kapena eni fakitale. Tikukumbuka za mapepala apulasitiki opyapyala. Boma lidawaletsa mu 2015, makampani adathamangira kukhoti, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Zaka zonsezo mapepalawo ankangouluka m'misika. Wopanga katundu ali ndi maloya komanso amadziwa khomo loti agogode. Kholo lolima fodya kapena soya lilibe womulankhulira pamene malamulo akukambidwa, n'chifukwa chake bungwe la boma liyenera kukhala pakamwa pake.

Tisalakwitse n'kuyamba kuthamangitsa amayi ogulitsa pa chipata. Iwo akusaka ya sopo ndi fizi, ndipo sadziwa zomwe zathiridwa m'paketimo. Lamulo likagwire kumene katunduyo amapangidwa ndi kumene amalowera m'dziko. Paketi inene poyera, m'Chichewa komanso m'zilembo zazikulu, kuti muli masipuni angati a shuga. Unduna wa Zaumoyo ndi wa Maphunziro agwirizane pa zomwe zingagulitsidwe pa sukulu.

Ife aphunzitsi ndi makomiti a makolo tisadikire Lilongwe. Tikhale pansi ndi amayi ogulitsawo kuti nthochi, mbatata, zitumbuwa ndi thobwa zibwerere pa chipata. Ndipo aphungu athu akabwera kudzachititsa msonkhano, tiwafunse kuti lamulo la chenjezo pa paketi adzalipititsa liti ku Nyumba ya Malamulo.