Zithunzi za setilaiti zifike kwa Nkhulambe mvula isanagwe

M'Marichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana ku Phalombe. M'Marichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo, ndipo kwa Nkhulambe ngakhale chipatala sichidapulumuke. Mu 1991 tikadanena kuti tinalibe maso oonera patali. Lero chowiringula chimenecho palibe.

Setilaiti za ku Ulaya za Sentinel-2 zimajambula dera lomwelo masiku asanu aliwonse, kadontho kamodzi pachithunzi kakuimira mamita 10, ndipo zithunzizo n'zaulere. Zamalonda monga WorldView-3 zimafika pa masentimita 30. Pamenepo umawerenga madenga amalata limodzilimodzi, umaona mlatho woguluka, umaona miyala ikuluikulu imene yaunjikana m'khwawa pamwamba pa mudzi. Mitambo ikaphimba phiri, Sentinel-1 imapyoza ndi radar, usiku ndi usana. Ukaika chithunzi cha chaka chatha pambali pa cha chaka chino, malo amene mitengo yatha ndi makala amaonekera poyera, komanso nyumba zatsopano zomangidwa m'njira yakale ya madzi.

Chondiwawa n'chakuti zithunzi zotere timazikumbukira maliro atachitika kale. Zimalowa m'malipoti opemphera thandizo, zimaonetsedwa pamisonkhano ku Lilongwe, koma nyakwawa amene amagawa malo omangapo sadazionepo.

Ena ati setilaiti silosera napolo. N'zoona, singanene tsiku. Koma imasonyeza kumene matope adadutsa ndi kumene angadutsenso, ndipo zimenezo n'zokwanira kuletsa sukulu kumangidwa pakamwa pa khwawa. Enanso ati anthu alibe kopita chifukwa malo ndi ochepa. Ili ndiye vuto lenileni, ndipo kungowakalipira kuti asamuke ndi nkhanza. Komatu mapu ochokera pa zithunzizi ndiwo angaonetse malo okwera, otetezeka, amene boma lingagule.

Akatswiri tili nawo: ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, ku nthambi yofufuza za miyala ku Zomba, ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Khonsolo ya Phalombe ipatsidwe munthu wodziwa kuwerenga zithunzizi, kompyuta ndi intaneti yodalirika. Pofika Okutobala chaka chilichonse, mapu asindikizidwe papepala lalikulu, mayina a midzi ndi mitsinje alembedwe monga amawatchulira eni ake, ndipo akambidwe pabwalo la mfumu, agogo amene adaona za 1991 ali pomwepo kuti akonze pamene makina alakwitsa.