Pepala lonyezimira tisiyane nalo

Tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4 layandikira, ndipo nkhani ya mphatso yayamba kale kusowetsa anthu tulo. Chondidabwitsa n'chakuti ambiri sakudandaula za mphatso yeniyeniyo, koma za chokutira chake. Munthu wadzimana mandasi milungu iwiri, wagulira mnzake sopo ndi bolopeni, kenako akuti sangapereke poti alibe pepala lonyezimira la m'golosale. Ena mpaka amajomba tsikulo chifukwa cha manyazi. Zoona zimenezi, anzanga?

Kodi pepala limene lija limatha mphindi zingati m'manja mwa wolandira? Amangoti pwee! kung'amba, n'kuponya pansi. Ambiri mwa mapepalawa ndi pulasitiki, saola, ndipo Lolemba timakatoleza ndife tomwe kuseri kwa makalasi. Ine ndikuti ndalama imeneyo iwonjezere mphatso, chokutira tipange tokha.

Pepala lilipo kale. La khaki lokutira makope lija ndiye labwino koposa chifukwa silichedwa kumwa utoto komanso silibooka msanga. Kalendala yakale, mukaitembenuza, kuseri kwake n'koyera. Nyuzipepala nayo imatheka, bola muyambe mwawerenga tsambalo, mungakutire mphatso ya mnzanu ndi uthenga wa maliro. La thumba la simenti tengani lapakati, mulikutumule bwino ndi kulipukuta, chifukwa simenti imawotcha khungu. Ndipo musakutire nalo chakudya. Mabuku a mulaibulale okha ayi, chonde.

Utoto uli kukhitchini kwa amayi. Makoko a anyezi mukawawiritsa m'madzi ochepa amatulutsa chikasu chodera. Masamba a tiyi otsala m'ketulo amapereka mtundu wa dothi. Koma mfumu ya zonse ndi chidede. Madzi ake amakhala ofiira, koma akauma papepala nthawi zina amasanduka ngati a pepo. Mukadonthezamo ndimu kufiira kumabwerera, mukathiramo timadzi ta phulusa amathawira kobiriwira. Amene sagona m'phunziro la Chemistry azindikira kuti iyi ndi nkhani ya ma acid ndi ma base yomwe ija. Madzi okhaokha amayenderera, ndiye sakanizani ndi kaphala kochepa ka ufa wa chinangwa kuti utoto ugwire. Phala lomwelo ndi guluu wanu.

Chidindo chake ndi mbatata. Iduleni pakati, musemepo nyenyezi, duwa kapena chilembo choyamba cha dzina la mnzanuyo. Apa samalani: chilembo musemeni chotembenuza ngati mukuchiona pagalasi, apo ayi chituluka chagada. Chitsononkho cha chimanga mukachiviika n'kuchigubuduza papepala chimasiya timadontho tokongola zedi. Yanikani pamthunzi, likauma mulitsendereze ndi mabuku usiku wonse. Chomangira n'khonje, kapena tizidutswa ta chitenje timene atelala amataya pakhonde.

Ndikudziwa chimene ena akunena chamumtima: "Aise, anthu aseka, aziti umphawi." Aseke ndani? Tonse pano timadziwana. Timayendera limodzi m'fumbi m'mawa uliwonse, ena makilomita angapo, ndipo tikudziwa amene amabwezedwa chifukwa cha fizi. Pepala la m'sitolo silingabise zimenezo. Limangopatsa mnzathu wosowa chifukwa china chokhalira pakhomo tsiku limene amayenera kusangalala nafe. Komanso mapepala ogula amafanana onse, patebulo sudziwa kuti iyi yachokera kwa yani. Lokhala ndi chilembo cha dzina lako ngakhale kung'amba umachita kusamala.

Vuto n'lakuti wina akapanga yekha aoneka wachilendo. Ndiye mapulifekiti, tipemphereni kalasi imodzi Lachisanu tikaweruka. A Fomu 1 abwere ndi zitsononkho, a Fomu 2 makoko a anyezi ndi chidede, ife a Fomu 3 mapepala ndi mbatata. Mpeni wosemera ubwere ndi aphunzitsi, tingathere ku ofesi ya ahedi.