Amene amayeza ana ku sikelo aphunzitsidwenso kukamba za kunenepa

Kwathu kuno mawu akuti "mwana wanenepa" ndi chiyamikiro. Mayi akawamva amamwetulira, agogo nkunyadira kuti mdzukulu akusamalidwa. Sizodabwitsa. Takhala zaka zambiri tikuona ana akuonda ndi njala, ndipo m'nthawi imene Edzi inavuta kwambiri, kuonda kunkayambitsa manong'onong'o m'mudzi. Ndiye dokotala ayambira pati kuuza banja la ku Ntaja kapena ku Ulongwe kuti thupi la mwana wawo lapitirira muyeso?

Ine ndikuona kuti funso limeneli liyenera kulowa m'maphunziro a azaumoyo, ndipo lisadikire kuti vuto likule.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, pamene 5 pa 100 ndi onenepa mopitirira. Amayi onenepa mopitirira anali 21 pa 100. Wina anena kuti 5 ndi nambala yaing'ono, makamaka poti mu 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Zoona, njala ndiye vuto lalikulu ku Machinga ndi ku Balaka. Koma mavuto awiriwa amagona nyumba imodzi. Mwana amene anapinimbira ali wakhanda, akadzayamba kudya za shuga ndi mafuta ambiri, amakhala pa chiopsezo cha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akakula. Ndipo pa Liwonde kapena pa Balaka, tchipisi, mandasi, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera zimapezeka msanga kuposa chipatso.

Tsono tiphunzitse ndani? Madokotala a ana enieni ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwana wa ku Phalula amaonedwa ndi mlangizi wa zaumoyo ku sikelo, namwino, kapena clinical officer. Choncho ku KUHeS ndi ku Malawi College of Health Sciences phunziroli lifike kwa onsewa, osati kwa akatswiri okha.

Kuyeza amadziwa kale. Buku la kuchipatala la mwana limaonetsa mmene akukulira, ndipo mzere ukatsika aliyense amadziwa chochita: uphungu, Likuni Phala, mwina chiponde. Mzere ukakwera mopitirira ndi pamene pakamwa pamauma. Chofunika kuphunzira ndi kalankhulidwe.

Choyamba, kusanyoza. Mayi amene wachititsidwa manyazi pagulu sabweranso ku sikelo mwezi wamawa, ndipo mwana amaphonya ndi katemera yemwe. Chachiwiri, kufunsa musanalangize: mwanayu amadya chiyani akamapita kusukulu, amam'patsa ndalama ndani, amene amaphika ndani? Nthawi zambiri amene ali ndi mawu pa chakudya ndi agogo, pamene bambo ndi amene amabwera ndi zotsekemera posonyeza chikondi. Uphungu wopita kwa mayi yekha umathera pa geti la chipatala. Chachitatu, chilankhulo. Ku Machinga mabanja ambiri amalankhula Chiyao, ndipo nkhani yovuta ngati iyi imamveka bwino m'chilankhulo cha pakhomo.

Uthenga wake usakhale wakuti "muchepetseni chakudya". Umenewo ndi woopsa m'dera limene nkhokwe zimatha chaka chisanathe. Tili kale ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amaphunzitsa. Pamenepo ndi poyambira: nandolo, usipa, nkhwani wotendera, mango m'nyengo yake, madzi m'malo mwa zotsekemera, ndi kumusiya mwana azikasewera phada kapena mpira.

Anzanga amene mukuphunzira zaumoyo, ambiri a inu mudzayamba ntchito m'zipatala za m'maboma. Musanamalize sukulu, pemphani aphunzitsi anu kuti muyeserere kukambirana kumeneku m'kalasi, wina akhale namwino, wina akhale agogo okana kumva. Ndi bwino chibwibwi chikugwireni pamaso pa anzanu kusiyana ndi pamaso pa banja limene labwera kudzafuna thandizo.