Digiri ya mbiri ya kunyanja ibwere ku Nkhotakota, pa fizi yoti msodzi akwanitse

Mwana wa ku Nkhotakota amene akufuna kuphunzira mbiri ya kwawo mpaka kufika pa digiri ayenera kuyamba wachoka kwawoko. Akwere basi wa ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, akafunefune kachipinda ka lendi, azikagula chakudya tsiku ndi tsiku, kenaka akamve za Jumbe ndi zombo zake kuchokera m'mabuku amene ambiri mwa iwo adalembedwa ndi alendo. Ine ndikuti zimenezi n'zolakwika, ndipo kuzikonza sikufuna ndalama zochuluka monga momwe akuluakulu a maphunziro amaganizira.

Tiyambe ndi zomwe dera lino lasunga. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdullah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, adakhazikika pano nakhala Jumbe woyamba. Kuchokera pano zombo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone adafika kuno mu 1861, ndipo mkuyu umene anthu amakumbukirapo kubwera kwake akuusonyezabe alendo. Mu 1889 Mngerezi Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe Tawakali Sudi, koma zisanathe zaka khumi Angerezi omwewo adachotsa Jumbe womaliza pampando n'kumutumiza ku Zanzibar. Amishoni a Anglican a UMCA adamanga pano m'zaka zomwezo, moyandikana ndi Asilamu amene adali atakhazikika kale. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachitira pano msonkhano wake waukulu, umene udapatsa Dr Kamuzu Banda utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Ukapolo, Chisilamu, Chikhristu, utsamunda ndi ndale za ufulu, zonsezi zidapondana mapazi pa kamtunda kamodzi kano ka Linga. Ngakhale mpunga umene timanyadira uli ndi mbiri yolumikizana ndi amalonda a Chiswahili aja.

Nanga adazilemba ndani? Nkhani yodziwika kwambiri ya ma Jumbe a ku Kota Kota adailemba George Shepperson wa ku yunivesite ya Edinburgh. Makalata a amishoni a UMCA akusungidwa ku Oxford. Buku lofotokoza malamulo a Chichewa limene Mark Hanna Watkins adatulutsa mu 1937 lidalembedwa ku Chicago, womuuza mawu ali Kamuzu Banda, pa nthawiyo ali mwana wa sukulu. Pulofesa Sam Mchombo, katswiri wathu wa chiyankhulo, ntchito yake yaikulu adaigwirira ku Berkeley, ku America. Sindikunyoza aliyense mwa anthu amenewa. Popanda iwo tikadataya zambiri. Chimene chikundiwawa n'choti mdzukulu wa munthu amene adapalasa zombo zija amafunika chiphaso choyendera ndi ndalama zakunja kuti awerenge za agogo ake.

Maiko olemera sadayambe maphunziro a madera a anzawo chifukwa cha chifundo. Sukulu ya SOAS ku London idakhazikitsidwa mu 1916 kuti iphunzitse anthu okalamulira maiko a eni. America mu 1958 idakhazikitsa lamulo lopereka ndalama za boma ku maphunziro a ziyankhulo ndi madera akunja, chifukwa inkalimbana ndi Soviet Union ndipo inkafuna anthu odziwa Africa ndi Asia. Iwo adaona kuti kudziwa chiyankhulo, mbiri, chipembedzo ndi chuma cha dera ndi mphamvu. Ife timati ndi maphunziro a anthu olephera masamu.

Ndamvapo makolo ndi aphunzitsi omwe akunena kuti mbiri sadyera nsima. Yankho langa lili panyanja pomwepa. Pamene boma lidapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja mu 2011, mkangano wa malire ndi Tanzania udabukanso. Mlandu wonsewo wagona pa pangano la Heligoland la 1890 pakati pa Britain ndi Germany, pa mapu akale, ndi pa zomwe maboma adalemberana m'zaka zotsatira. Mbali ya Mozambique nayo ili ndi pangano lake la 1954 pakati pa Britain ndi Portugal. Dziko lopanda anthu odziwa kuwerenga zikalata zotere, odziwa Chiswahili ndi Chipwitikizi, odziwa momwe asodzi a mbali zonse akhala akugwiritsira ntchito madziwa, limakalowa m'bwalo la zokambirana lili chimanjamanja, kenaka n'kulipira akatswiri akunja ndalama zoti zikadaphunzitsa ana ambirimbiri.

Pali zinanso zapafupi. Ku chilumba cha Mbenje ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambiri, ndipo lamulo lawo limamveka kuposa malamulo ambiri olembedwa mu ofesi. Amene akufuna kuteteza chambo ku Chia kapena mpasa mu mtsinje wa Bua ayenera kumvetsa chifukwa chake anthu amamvera mfumu pa nkhani ya nsomba. Nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015, idalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Midzi yozungulira ili ndi mbiri yake ya malo, manda ndi misamuko, ndipo mtendere pakati pa mpanda ndi mudzi umafuna munthu wodziwa mbiri imeneyo. Mikangano ya minda ya nzimbe ku Dwangwa nayonso ndi nkhani ya mbiri ya malo ndi ufumu. Njira za akapolo za m'Malawi zidalembedwa mu 2011 pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO, Nkhotakota ili momwemo. Adzalembe zikalata zoti malowa avomerezedwe ndani? Adzalongosolere alendo ndani? Zonsezi ndi ntchito zolipidwa, ndipo lero zambiri zikugwiridwa ndi anthu ochokera kutali.

Sikuti maphunziro otere kulibiretu m'dziko muno. Yunivesite ya Malawi ku Zomba ili ndi nthambi ya mbiri yomwe idatulutsa akatswiri onga Pulofesa Kings Phiri, komanso likulu la kafukufuku wa ziyankhulo lomwe lidatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, kuli Bingu School of Culture and Heritage. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa mbiri ndi zokopa alendo. Vuto ndi mtunda ndi mtengo. Tonse tikukumbuka zionetsero za ophunzira mu 2016 pamene fizi idakwezedwa. Kuchokera apo fizi yakweranso, ndipo mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse n'kukwera nayo. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira limathandiza ndithu, koma silifikira onse, ndipo kwa banja lodalira usipa ndi chinangwa, fizi ndi mbali imodzi chabe ya katundu. Lendi, chakudya ndi thiransipoti ndi zomwe zimabweza ana ambiri kumudzi chaka chisanathe.

Apa ndi pamene ndikuona kuti tikutaya mwayi ndi manja athu. Digiri ya udokotala kapena uinjiniya ndi yodula chifukwa imafuna zipangizo, mankhwala ndi nyumba zapadera. Digiri ya mbiri, ziyankhulo ndi chikhalidwe cha dera la nyanja imafuna mphunzitsi wabwino, mabuku, intaneti, ndi foni yojambulira mawu. Chipinda chake chofufuzira ndi mzikiti wakale, tchalitchi cha All Saints, doko la asodzi, bwalo la mfumu Malengachanzi, ndi khonde la agogo amene akukumbukabe mayina a makolo awo. Zonsezi zilipo kale ndipo palibe wozilipiritsa. Choncho palibe chifukwa choti digiri yotere izigulidwa pa mtengo wofanana ndi ya sayansi, kapena kuti wophunzira wake azikhala zaka zinayi kutali ndi zomwe akuphunzirazo.

Njira yake tikuidziwa kale. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi malo ophunzirira a maphunziro a patali ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje, ndipo aphunzitsi ambiri apeza madigiri kudzera m'njira imeneyi osasiya ntchito. Malo onga amenewa atsegulidwe pa boma la Nkhotakota. Sipafunika kumanga nyumba zosanja. Makalasi a sekondale amakhala opanda anthu nthawi ya tchuthi. Aphunzitsi a yunivesite azibwera masabata angapo pa teremu, nthawi yotsalayo ophunzira aziwerengera kwawo uku akulima, akuwedza kapena akuphunzitsa. Fizi izilipidwa pang'onopang'ono, mogwirizana ndi nyengo yokolola mpunga, osati yonse pakamodzi m'miyezi ya njala. Khonsolo ya boma lino, makampani a shuga ndi a zokopa alendo amene amapindula ndi nthaka ndi madzi a kuno athandize ndi ndalama zolipirira ophunzira osowa.

Ndipo digiriyo isakhale ya Malawi yekha. Nyanja siidalekanitse anthu, idawalumikiza. Anyanja a ku Niassa, anthu a ku Likoma ndi Chizumulu, Atonga a kumpoto kwa Dwangwa, Ayao, Achewa a ku Chipata ndi ku Tete, onsewa ali m'nkhani imodzi. Wophunzira atuluke akudziwa Chichewa cholemba bwino, Chiswahili, ndi Chipwitikizi chokwanira kuwerenga kalata ya boma. Aphunzire malamulo a malo, chuma cha usodzi, mbiri ya zipembedzo ziwiri zomwe zakhala moyandikana kuno kwa zaka zoposa zana. Kafukufuku wake womaliza aloledwe kumulemba m'Chichewa, kuti amene adamuuza nkhanizo athe kumva zomwe walemba ndi kumutsutsa ngati wapotoza.

Ena adzati digiri yotsika mtengo ndi digiri yachabechabe. Nkhawa imeneyi ndi yoona, poti taonapo sukulu zongotolera ndalama. Koma bungwe la National Council for Higher Education lilipo kuti liziyeza maphunziro, ndipo liyeze awa ndi muyeso womwewo umene limayezera a ku Zomba. Chotsitsa mtengo pano ndi kuchotsa lendi ndi maulendo, osati kuchepetsa zophunzira.

Chondithamangitsa kulemba izi ndi nthawi. Samuel Josia Ntara adatha kulemba Mbiri ya Achewa chifukwa adapeza akuluakulu akadali moyo, nawafunsa. Amene adaona msonkhano wa 1960 ndi maso awo lero ali ndi zaka zoposa 70, ndipo amene adamva za Jumbe kuchokera pakamwa pa agogo awo atsala owerengeka. Aphungu a Nkhotakota akapita ku Nyumba ya Malamulo amapempha milatho ndi kukonzedwa kwa msewu wa M5, ndipo amachita bwino. Pa zokambirana za bajeti ikubwerayi apemphenso malo ophunzirira amenewa, ndipo akuluakulu a Mzuzu, Zomba ndi Thyolo atiuze poyera kuti ndani mwa iwo ali wokonzeka kutumiza aphunzitsi.