Ndalama za Laibulale ndi Ndalama za M'kalasi

M'bandakucha wa pa 18 Disembala, 2015, moto unabuka mu laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Ena mwa mabukuwo anali oti angagulidwenso, koma zolemba zambiri zonena za dziko lathu lino, zimene zinasonkhanitsidwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, zinapitiratu. Madzi akatayika saoleka. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo ena anasonkha ndalama ndi mabuku. Koma funso limene tifuna kuti inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi muliganizire ndi ili: kodi nchifukwa ninji timazindikira kufunika kwa laibulale pokhapokha ikapsa?

Makolo athu amene anayamba kuyendetsa dziko lino titangolandira ufulu sanayembekeze kuti tiyambe talemera. Mu 1966 nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre, inatsegulidwa. Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe la National Library Service, kuti munthu wamba athe kubwereka mabuku. Pa nthawiyo misewu inali yochepa, zipatala zinali zochepa, ndipo ana ambiri sanali pasukulu. Komabe iwo anaona kuti mtundu wa anthu sungakule popanda malo osungiramo nzeru zake, nachita kuti malo otere aziyendetsedwa ndi ndalama zimene Boma limapatula chaka ndi chaka. Ife tikuti maganizo amenewo anali olondola, ndipo mphunzitsi ndiye ayenera kukhala woyamba kuwateteza.

Tikudziwa kuti ena adzatsutsa, ndipo mawu awo sali opanda nzeru. Adzati: m'zipatala mukusowa mankhwala, ana ena akuphunzirira pansi pa mtengo, aphunzitsi alibe nyumba; nanga Boma liwonongerenji ndalama posunga miphika yosweka ndi mabuku okutidwa ndi fumbi? Munthu amene mwana wake wagona ndi njala sitingamdzudzule polankhula motero. Chimene tikukana ndi kuyesa kuti laibulale ndi chinthu china, sukulu ndi chinthu chinanso. Mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa mamiliyoni osakwana awiri kufika pafupifupi mamiliyoni atatu m'chaka chimodzi. Ana ambirimbiri anaphunzira kutchula zilembo pa bolodi. Koma kuwerenga kuli ngati kulima: khasu losagwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri. Mwana amene waphunzira kuwerenga koma alibe choti awerenge amabwerera m'mbuyo, ndipo ndalama zonse zimene zinalipira mphunzitsi wake, choko ndi kalasi zimalowa m'madzi. Kotero kumana laibulale ndalama sikusunga chuma ayi. Ndiko kutaya chimene tinalipira kale.

Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa nthawi ya njala ya mu 2001 ndi 2002 iye analeka sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analephera kumlipirira. Chimene chinamtsalira chinali kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawoko. M'menemo anapeza mabuku a sayansi, ndipo poyang'anitsitsa zithunzi zake anapanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Si mwana aliyense amene adzachita zotere, ndipo sitikulonjeza zimenezo. Koma nkhaniyi itiphunzitsa kuti pamene chitseko cha kalasi chatsekeka, laibulale ndiyo sukulu yokhayo imene siitanitsa fizi.

Enanso adzati: abwenzi athu a kunja amatipatsa mabuku, nanga Boma livutikirenji? Tiyenera kuwathokoza abwenziwo, pakuti atithandiza kwambiri. Koma mphatso ili ndi malire ake. Wopereka amakonda kumanga nyumba yatsopano kapena kutumiza makatoni a mabuku, zinthu zooneka ndi maso. Kawirikawiri sadzabweranso chaka chamawa kudzalipira woyang'anira mabuku, kudzakonza denga lodontha, kudzathira mankhwala a chiswe, kudzaona ngati mawaya a magetsi ali bwino, kapena kudzagula mafuta a galimoto yotengera mabuku ku midzi. Ntchito zosaonekazi ndizo zimasunga laibulale ndi moyo, ndipo zingatheke ndi ndalama zokhazikika zokha, zobwera pa nthawi yake. Chinanso nchakuti wopereka amatumiza chimene ali nacho. Mabuku a m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zathu zina sangachokere kutsidya kwa nyanja. Amafuna wogula wa konkuno, ndipo malaibulale akakhala ndi ndalama zogulira mabuku otere, osindikiza amalimba mtima ndipo alembi athu amalemba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimodzimodzinso ndi nyumba zosungiramo zinthu zamakedzana. Mungathe kufotokoza kwa ola lathunthu za sitima zapamtunda zoyendera nthunzi, ana nangolemba m'makope osaona kanthu m'maganizo mwawo. Koma aimikeni pafupi ndi injini yakale imene ili pabwalo la ku Chichiri, mudzaona mafunso akutuluka okha. Ku Karonga, m'nyumba imene inatsegulidwa mu 2004, mwana amaona msinkhu wa Malawisaurus, chinyama chimene chinkayenda m'dziko lino anthu asanakhaleko. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pa matanthwe, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zotere munthu mmodzi angaziwononge ndi makala m'kanthawi kochepa ngati palibe mlonda wolipidwa. Chinthu chakale chikawonongeka, palibe sitolo kumene tingakagule china.

Tsono titembenukire kwa ife eni, pakuti sikokwanira kuloza chala Boma. Poyendera ophunzira athu pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, taonapo m'sukulu zina mabuku atatsekeredwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu, ena akadali m'makatoni momwe anabwerera. Tikafunsa, yankho limakhala lakuti ana angawang'ambe. Potsiriza chiswe ndi makoswe ndizo zimawerenga mabukuwo. Buku long'ambika chifukwa cha manja a ana lagwira ntchito yake. Buku latsopano lodyedwa ndi chiswe ndilo chitayiko. Komanso tizindikire kuti amene amagawa chuma cha Boma amayamba kudula pamene palibe wodandaula. Laibulale yopanda owerenga ndiponso nyumba ya zamakedzana yopanda alendo zilibe wozilankhulira.

Chifukwa chake, mukafika pa sukulu imene mudzatumizidwe, funsani msanga kumene kuli mabuku ndipo muwatulutse. Konzani kangodya kowerengera m'kalasi mwanu, ngakhale mabuku atakhala makumi awiri okha. Sankhani ana awiri oti azilemba m'kope dzina la wobwereka, dzina la buku ndi tsiku lobweza. Kope limenelo musalipeputse: ndilo umboni umene komiti ya sukulu ingauonetse kwa khansala kapena kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo popempha mabuku ena. Inu eni lembetsani ku laibulale imene ili pafupi nanu, ndipo mufunse njira imene sukulu yanu ingalandirire mabuku. Ngati nkotheka kupita ndi ana ku nyumba ya zamakedzana, yambani mwapitako nokha, mukonze mafunso asanu oti ana akapeze mayankho ake, ndipo pobwerako alembe kapena ajambule zimene aona. Ngati nkutali, pemphani makolo akubwerekeni khasu lachikale, nkhali, mkondo kapena nsalu ya chiwondo, mulembe dzina la chinthu chilichonse ndi ntchito yake. Mwana amene wasamala nkhali ya agogo ake m'kalasi sadzafunsa, akadzakula, chifukwa chake Boma limasungira zinthu zotere.

Ena mwa ana amene mudzawaphunzitse adzakhala aphungu, makhansala ndi akuluakulu a ku Unduna wa Zachuma. Tsiku lina adzakhala pansi kugawa ndalama za misonkho, ndipo mzere wa malaibulale udzafika pamaso pawo. Chimene adzachite pa tsikulo chidzadalira kwambiri ngati mphunzitsi wawo wa Sitandade 4 anatsegula kabati ija kapena anaisiya yokhoma.