Musaloweze ma reaction, tsatirani ma elekitironi

Ophunzira ambiri akamakonzekera mayeso a Chemistry amaloweza ma reaction ngati ndakatulo. Ine sindigwirizana nazo zimenezi, ndipo benzene indithandiza kufotokoza chifukwa chake.

Benzene ndi mphete ya ma atomu 6 a kaboni, ndipo ili ndi ma elekitironi 6 amene amayendayenda pamphete yonseyo. Lamulo limene ambiri amaloweza ndi lakuti benzene imakopa tinthu tosowa ma elekitironi, basi. Lamuloli ndi loona, koma limathera panjira.

Tiyeni titenge carbanion. Ameneyu ndi kaboni amene wataya haidirojeni koma watsala ndi ma elekitironi awiri amene ankawalumikiza, choncho ali ndi chaji ya negative. Mukathira alkali yamphamvu ngati potassium hydroxide mu propanone, imene ena amaitcha acetone, alkaliyo imazula haidirojeni pa kaboni woyandikana ndi C=O, ndiye pamabadwa ma carbanion ochepa. Carbanion akakumana ndi benzene palibe chimachitika. Onse awiri ndi okhuta ma elekitironi, ndiye amangokankhana.

Tsopano pamphete ija ikanipo magulu awiri a NO2, pa kaboni 1 ndi kaboni 3. Gulu la NO2 ndi ladyera, limakokera ma elekitironi kwa ilo, ndipo mphete imasauka. Carbanion uja amadzalumikizana ndi kaboni 4, chaji ya negative n'kufalikira mpaka pa ma okosijeni a NO2, pamene imakhala bwinobwino. Madzi aja amasanduka a pepo. Reaction imeneyi imadziwika ndi dzina la Janovsky, ndipo inalembedwa m'zaka za m'ma 1880. Mu 1902, Jakob Meisenheimer wa ku Germany anasonyeza mmene ma molekyulu a mtundu umenewu amapangikira, n'chifukwa chake amatchedwa Meisenheimer complex.

Mwina mukuti, nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife? Zimakhudza impso za anthu. Mu 1886, Max Jaffe anapeza kuti creatinine, chinthu chimene impso zimasefa m'magazi, akasakanizidwa ndi picric acid mu alkali amatulutsa mtundu wofiirira ngati lalanje. Picric acid ndi mphete yokhala ndi magulu atatu a NO2, yosauka kwambiri, ndipo creatinine ali ndi kaboni woyandikana ndi C=O. Nkhani ndi yomwe ija, eti? Mpaka lero ma labu a zipatala zambiri amagwiritsa ntchito njirayi. Mtundu ukakula, ndiye kuti creatinine wachuluka m'magazi, chizindikiro chakuti impso sizikusefa bwino.

Apa ndi pamene woloweza amasiyana ndi womvetsa. Munthu wa matenda a shuga akadwalika kwambiri, m'magazi mwake mumachuluka acetone ndi acetoacetate. Amene amatsatira ma elekitironi aona yekha kuti zimenezi nazonso zitha kulumikizana ndi picric acid n'kuwonjezera mtundu, zotsatira n'kuoneka ngati impso zavuta kuposa mmene zilili. Zimenezi zimachitikadi. Woloweza angakhulupirire nambalayo osafunsa kalikonse.

Ndikudziwa kuti ena munena kuti nthawi ndi yochepa ndipo kuloweza kumabweretsa malikisi. Zoona, maina ndi ma formula ayenera kulowezedwa ndithu. Koma funso likangotembenuzidwa pang'ono, zoloweza zimakuthawani, pamene chifukwa chimene munachimvetsa chimakhalabe.

Choncho pa reaction iliyonse, ngakhale ya ma alkene kapena ma alkanol, muzidzifunsa mafunso atatu. Ma elekitironi achuluka pati? Akusowa pati? Nanga akasuntha, chaji ikakhazikika pati? Koma chonde anzanga, izi n'zoyesa papepala. Dinitrobenzene ndi poizoni, ndipo picric acid ikauma imatha kuphulika.