Fakitale Ikafa, Nyumba Yake Ikhale ya Yani?

Fakitale iliyonse ili ndi tsiku lake lomaliza. Makina amakalamba, msika umasintha, eni ake amapeza malo ena, ndipo m'mawa wina belu loitana antchito silimvekanso. Chimene chimatsala ndi chinyumba cha makoma ochindikala, chopanda wochisamala, chomwe posakhalitsa chimasanduka mogona akadzidzi ndi mobisalira mbava. Zikafika pamenepa, akuluakulu a mzinda amakhala ndi njira zitatu: kuchigwetsa, kuchilekerera kuti chigwe chokha, kapena kuchikonza kuti chigwire ntchito ina. M'chimangirizo chino ndikuikira kumbuyo njira yachitatuyi, makamaka pamene nyumbayo isandutsidwa maofesi pamodzi ndi malo ophunzitsirako sayansi. Komabe ndili ndi mfundo imodzi imene amalonda sakonda kuimva: paukwati wa maofesi ndi sayansi, mwini mudzi akhale sayansi, ndipo maofesi akhale mkamwini.

Kuti mfundoyi imveke bwino, nditenga chitsanzo cha dera la Newtown mumzinda wa Johannesburg, m'dziko la South Africa. Kale derali linkatchedwa Brickfields chifukwa anthu ankaumbirako njerwa. M'chaka cha 1904, akuluakulu a mzindawu anatentha nyumba za anthu osauka a m'derali ponena kuti akuthana ndi mliri wofala ndi utitiri wa makoswe. Pa phulusa limenelo panamangidwa msika waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, komanso nyumba zopangiramo magetsi. Yaikulu mwa nyumbazi inali Jeppe Street Power Station, yomwe inayamba kumangidwa m'chaka cha 1927. M'menemo ankatentha malasha kuti awiritse madzi, nthunzi yake n'kumapukusa makina otulutsa magetsi a mzinda wonse. Mzinda utakula, anamanga malo ena akuluakulu opangira magetsi ku Orlando ndi ku Kelvin, kotero kuti m'chaka cha 1961 ng'anjo za ku Jeppe Street zinazima. Nsanja zake zoziziritsira madzi anazigwetsa m'chaka cha 1985, ndipo nyumba zotsalazo zinakhala bwinja pakati pa tauni.

Nyumba ziwiri za m'derali zinadzuka kwa akufa, koma iliyonse inatsata njira yakeyake. Nyumba yomwe munkakhala makina opukusa magetsi, yotchedwa Turbine Hall, inakonzedwa n'kukhala likulu la kampani yokumba golide ya AngloGold Ashanti, yomwe inalowamo m'chaka cha 2007. Chapafupi pomwepo pali nyumba ina yakale yotchedwa Electric Workshop, momwe ankakonzeramo zipangizo za magetsi za mzindawu. Imeneyi inasanduka Sci-Bono Discovery Centre, malo ophunzitsirako sayansi omwe anatsegulidwa m'chaka cha 2004 pansi pa nthambi yoona za maphunziro m'chigawo cha Gauteng. Dzinali linalumikiza mawu akuti sayansi ndi mawu a Chivenda akuti bono, omwe amatanthauza masomphenya. Choncho m'dera limodzi tili ndi zonse ziwiri, maofesi ndi sayansi, ndipo papita zaka zokwanira kuti tione chimene chinagwira mizu.

Poyamba, ndikuona kuti kusunga nyumbazi kunali kwanzeru kusiyana ndi kuzigwetsa. Nyumba ya fakitale imamangidwa kuti isenze makina olemera komanso ipirire kutentha ndi kunjenjemera usana ndi usiku. Maziko ake ndi akuya, denga lake ndi lalitali, ndipo m'kati mwake muli bwalo lalikulu lopanda zipupa zambiri. Kugumula nyumba yotere ndiye kutaya simenti, zitsulo ndi njerwa zomwe zinalipiridwa kale, kenaka n'kukagulanso zina. Tisaiwale kuti ntchito yopanga simenti payokha imatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya woipa umene anthu amatulutsa pa dziko lapansi, womwe ukusintha nyengo. Komanso mafakitale akale ambiri ali pafupi ndi njanji, misewu ikuluikulu ndi malo okwerera basi, chifukwa anamangidwa kuti antchito ndi katundu azifikako mosavuta. Mwana wasukulu naye amafikako mosavuta pa chifukwa chomwecho.

Nanga kungoisiya nyumbayo? Yankho lili ku Orlando, m'dera la Soweto. Malo opangira magetsi a kumeneko atatsekedwa m'chaka cha 1998, nyumba yake yaikulu inakhala zaka zambiri osagwiritsidwa ntchito, ndipo anthu ankazula zitsulo zake kukagulitsa. M'chaka cha 2014 nyumbayo inagwa, n'kuphinja anthu amene anali m'katimo, ena mwa iwo n'kufa. Nyumba yosiyidwa sidikira mwakachetechete kuti eni ake aganize bwino. Tsiku lililonse imaonongeka, ndipo pamapeto pake imatenga moyo wa munthu.

Chachiwiri, palibe malo oyenera kuphunzitsirako sayansi kuposa fakitale yakale, chifukwa nyumbayo payokha ndi phunziro. Mwana amene wawerenga m'buku kuti nthunzi imatha kuzungulitsa makina amangoloweza pamtima kuti akakhoze mayeso. Koma akaima m'chinyumba momwe munkachitika zimenezo, n'kuona kutalika kwa denga ndi kukula kwa mizati yachitsulo, amayamba kufunsa yekha kuti zinkatheka bwanji. Funso limenelo ndiye chiyambi cha sayansi. Ku Sci-Bono ana saletsedwa kugwira zinthu monga zimakhalira m'nyumba zina zosungiramo zinthu zakale. Amapukusa, amakoka, amayesa, ndipo akalephera amayesanso. Ku England nakonso anachita chimodzimodzi ndi fakitale yosungunula zitsulo ya Templeborough, m'tauni ya Rotherham, yomwe inatsekedwa m'chaka cha 1993. M'chaka cha 2001 inatsegulidwanso ngati Magna Science Adventure Centre, ndipo ng'anjo imodzi yaikulu anaisiya pamalo pake kuti alendo aziona mmene chitsulo chinkasungunulidwira. Nyumba yatsopano, kaya ikongole bwanji, singapereke phunziro lotere.

Tsopano ndifike pa zimene otsutsa amanena, pakuti mfundo zawo si zachibwana. Iwo amati malo ophunzitsirako sayansi sapanga phindu. Ndalama zimene ana amalipira pakhomo sizingakwanire kulipira magetsi, alonda ndi aphunzitsi, ngakhalenso kukonza zipangizo zimene manja ambirimbiri amazigwira tsiku ndi tsiku. Kuonjezera apo, kukonza fakitale yakale kumadya ndalama zambiri: denga limakhala lodontha, zitsulo zadzimbiri, ndipo kawirikawiri mumapezeka asibesitosi ndi mafuta akale olowerera m'nthaka, zomwe zimafuna akatswiri kuti azichotse. Choncho, iwo amati, popanda kampani yolipira lendi ya maofesi ntchito yonse imathera papepala. Ine ndikuvomereza zimenezi ndi mtima wonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo boma lokha silingasenze denga la fakitale. Maofesi amabweretsa ndalama, alonda, kuwala kwa usiku, ndi anthu ogula chakudya kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu. Kubwera kwa AngloGold Ashanti ku Newtown, pa nthawi imene makampani ambiri anali atathawira ku Sandton, kunalimbitsa mtima anthu ena kuti pakati pa mzinda pangathe kukhalidwanso.

Koma akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'chaka cha 2020 kampaniyi inagulitsa mgodi wake womaliza wa m'dziko la South Africa, wotchedwa Mponeng, kwa kampani ya Harmony. M'chaka cha 2021 inasamuka ku Turbine Hall kupita chakumpoto kwa mzindawu, ndipo m'chaka cha 2023 likulu lake linapita ku America. Sindikuidzudzula kampaniyi, chifukwa kampani iliyonse imatsata kumene kuli phindu lake. Imeneyo ndiyo ntchito yake. Chimene ndikunena n'chakuti mlendoyu anakhala zaka 14 zokha, pamene Sci-Bono, yomwe inayamba kale iye asanabwere, inapitiriza kulandira mabasi a ana asukulu iye atachoka. Kusiyana kwake n'kwakuti Sci-Bono inamangidwa pa chosowa chosatha. Chaka chilichonse kumabadwa ana ena ofuna kuphunzira, pamene mtengo wa golide umakwera ndi kutsika.

Tikumbukirenso mtengo umene unalipiridwa kuti maofesi aja apezeke. Imodzi mwa nyumba zowiritsira madzi, ya kumpoto, inagwetsedwa kuti pamangidwe maofesi atsopano. Kuonjezera apo, pa zaka zimene Turbine Hall inali bwinja, munkakhala anthu ambiri osowa pokhala, omwe anachotsedwamo ntchito yokonza isanayambe. Pamenepa ndi pamene ndimafunsa kuti: nyumba yomwe inamangidwa ndi ndalama za mzinda wonse ikakonzedwa, ndani amaloledwa kulowa pakhomo? Pakhomo la ofesi pamakhala mlonda wofunsa chitupa, ndipo amene alibe amabwerera pageti. Pakhomo la malo ophunzitsirako sayansi amalowa mwana wa mlonda yemweyo. Ngati nyumba yonse iperekedwa kwa maofesi, ndiye kuti chuma cha anthu onse chasanduka cha anthu ochepa ovala mataye, ngakhale kunja kwake kukongole chotani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali chinthu china chimene okonza nyumba zotere amachiiwala msanga, ndicho mbiri ya anthu amene ankagwiramo ntchito. N'kosavuta kupukuta makina kuti awale, n'kuiwala manja amene ankathira malasha m'ng'anjo. Ku Newtown anayesetsa pa mbali imeneyi. Pafupi ndi Sci-Bono pali komboni yomangidwa m'chaka cha 1913, momwe munkagona amuna achikuda ogwira ntchito za mzindawu, mothithikana pa mabedi a simenti, kutali ndi akazi ndi ana awo, pamene amisiri achizungu ankakhala m'nyumba zabwino pambali pomwepo. Komboniyi inasanduka Workers' Museum, yomwe imafotokoza za moyo wa anthu ochoka kutali kudzagwira ntchito mumzindawu. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife Amalawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka pamene ndege inagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 n'kupha Amalawi 74, boma n'kuimitsa ulendowu. Unayambiranso pansi pa dzina la Theba n'kudzatheratu m'chaka cha 1988. Thukuta la agogo athu lili m'golide amene analemeretsa Johannesburg. Malo ophunzitsirako sayansi amene amaonetsa mphamvu ya makina koma osatchula za anthu amenewa amaphunzitsa theka la choonadi.

Kwathu kuno funso lomweli likutidikira. Aliyense woyenda m'madera a mafakitale a Blantyre ndi Limbe, kapena m'mbali mwa njanji, amaona mashedi ndi nyumba zosungiramo katundu zomwe ntchito yake inachepa kapena inatha. Mbali inayi, ophunzira ambiri a m'sukulu za sekondale zoyendera amalemba mayeso a sayansi asanagwirepo chipangizo cha mu labotale. Ndipo sitinganene kuti nyumba zakale sitidziwa kuzisunga, pakuti Mandala House, yomangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes, ikadaima mumzinda wa Blantyre, ndipo m'menemo muli laibulale ya Society of Malawi. Tsiku limene khonsolo ya mzinda idzalandire pempho la wamalonda wofuna kusandutsa fakitale yakale kukhala maofesi, ndikupempha kuti idzaike mfundo zitatu m'pangano. Yoyamba, gawo la sayansi lidzalembedwe m'dzina la anthu onse, kuti wobwereka maofesi akasamuka lisasamuke naye. Yachiwiri, gawo lina la lendi lizipita ku thumba losamalira zipangizo ndi kulipirira ana osauka pakhomo. Yachitatu, malo a sayansi adzatsegulidwe tsiku limodzi ndi maofesi, chifukwa lonjezo lakuti zinazo tidzamanga ndalama zikapezeka tonse tikudziwa kumene limathera.

Pomaliza, ndibwereze kuti sindidana ndi maofesi. Mkamwini wabwino amalima munda, amafolera nyumba, ndipo mudzi umamulemekeza. Koma munda sukhala wake, ndipo tsiku limene wanyamula katundu wake, ana amatsala pamudzi ndi nthaka yawo. Fakitale yakale inamangidwa ndi thukuta la anthu wamba, ndipo ikafa, oyenera kulowa m'nyumba yake poyamba ndi adzukulu a anthu omwewo.